Kuwala kwa Ngale pa Timagalimoto Topanga Pamanja

(KANYIMBO KOTSEGULIRA)

Pulogalamu ya lero ikunena za luso lopenta timagalimoto tating'ono, makamaka pogwiritsa ntchito penti woonekera ngati madzi amene amachititsa kagalimoto kunyezimira ngati ngale. Ameneyu ndi kiliya wa ngale, ndipo pa chitini chake pamalembedwa kuti Pearl Clear. Nkhani iyamba ndi timagalimoto timene tikunenedwa pano. Kenako ifotokoza chimene chili m'kati mwa kiliya ameneyu ndi kumene anachokera. Ikatero ilowa m'ntchito yeniyeni: kukonza kagalimoto, kupopera, kulimbana ndi nyengo ya kunyanja, ndi kuteteza moyo wa mmisiri. Mfundo yoti aliyense atsale nayo ili m'mawu atatu: pansi pasalale, ngale ichepe, pamwamba pavindikiridwe.

Luso lopanga timagalimoto ndi lakale m'Malawi. Ana amapinda mawaya, amaumba dothi, amadula mapesi ndi chiwale, ena amasula zitini. Mbiri ya galimoto ya mawaya inafika mpaka kunja kudzera m'buku la ana lotchedwa Galimoto, limene Karen Lynn Williams anatulutsa mu 1990, lonena za mnyamata wa ku Malawi kuno. Akuluakulu nawo ali ndi luso lawo. M'mbali mwa msewu wotsika phiri kulowera ku Golomoti, m'boma la Dedza, amisiri amasema ndi kulumikiza timagalimoto ndi tinjinga ta matabwa togulitsa kwa apaulendo. M'madera a kunyanja monga Kande ndi Chintheche, ziboliboli ndi ntchito zina zamanja zimagulidwa ndi alendo odzacheza.

Kunja kuli mafakitale a timagalimoto totengera galimoto zenizeni. Kampani ya Tamiya, ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan, imagulitsa tizigawo ta pulasitiki timene wogula amalumikiza ndi kupenta yekha. Timagalimoto tachitsulo ta Matchbox tinayamba ku England mu 1953, ndipo ta Hot Wheels tinayamba ku America mu 1968. Totere timapezeka nthawi zina pakati pa zidole zapakaunjika, penti wake atasupuka, ndipo tikhoza kupentedwanso.

Kiliya wa ngale amafuna malo otambasuka oti kuwala kugwerepo. Pa galimoto ya mawaya malo otere palibe. Choncho zimene zikunenedwa lero zikukhudza timagalimoto tokhala ndi thupi lathunthu: ta thabwa, ta lata, ta chitsulo ndi ta pulasitiki.

Tsopano funso loyamba: kodi kiliya wa ngale n'chiyani?

Kiliya wamba ndi penti wopanda mtundu. Amapakidwa pamwamba pa penti wina kuti amuteteze ndi kumuwalitsa, monga vanishi amachitira pa thabwa. Kiliya wa ngale ndi kiliya yemweyo, koma muli tizibenthu topyapyala kwambiri, timene diso silingatione payokhapayokha. Masiku ano tizibenthu tambiri totere timachokera ku mwala wotchedwa mica, uja umabenthuka mapepalamapepala n'kumaoneka waliwali mumchenga wa m'mitsinje. Ku fakitale mwalawu amaupera, amausefa, kenako kachibenthu kalikonse amakakuta ndi mankhwala otchedwa titanium dioxide.

Kuwala kukafika pa kachibenthu kotere, kwina kumabwerera pomwepo, kwina kumalowa n'kukabwerera m'kati, ndipo kwina kumapitirira mpaka pa penti wapansi. Kuwala kobwereraku kukakumana, mitundu ina imakula mphamvu, ina imazima. Chikuto chija chikapyapyala kwambiri, ngale imaoneka yoyera ngati siliva. Chikamakhuthala, ngale imasintha n'kukhala yagolide, kenako yofiira, kenako yabuluu, kenako yobiriwira. N'chifukwa chake mtundu wa ngale umasintha munthu akasuntha kapena akapendeketsa kagalimoto padzuwa. Ngale yeniyeni ya m'nyanja, komanso m'kati mwa chigoba cha nkhono zina za m'madzi, zimawala mwa njira yomweyo, chifukwa nazo n'zosanjikizana mopyapyala.

Pali mitundu iwiri ya penti imene anthu amaisokoneza ndi ngale. Woyamba ndi penti wa metallic. Mwa iye muli tizibenthu ta aluminiyamu, timene sitilola kuwala kudutsa, ndipo timathwanima mwaukali. Wachiwiri ndi penti wa candy, amene ndi kiliya wothiridwa mtundu, wopakidwa pamwamba pa siliva kapena chitsulo chopukutidwa. Timagalimoto toyamba ta Hot Wheels tinkawala ndi penti wa mtundu umenewu. Ngale imasiyana ndi onsewa chifukwa ili ndi tizibenthu tolola kuwala kudutsa, ndipo kuwala kwake n'kofatsa, kooneka ngati kukuchokera m'kati mwa penti. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya lero. Popeza kuwala kumadutsa, kiliya wa ngale sabisa kanthu. Chilema chilichonse chimene chili pansi chimaonekera, ndipo nthawi zambiri chimaonekera kwambiri kuposa poyamba.

(KANYIMBO)

Mbiri ya penti ameneyu inayambira pa nsomba, ndipo anthu a kunyanja aimva msanga. Aliyense amene anatsukapo usipa m'beseni amadziwa mmene madzi aja amatsalira ng'aning'ani, ndi mmene manja amatsalira ndi siliva. Chimene chimawala pa khungu la nsomba zotere ndi timakhristo topyapyala ta mankhwala otchedwa guanine. M'zaka za m'ma 1600, mmisiri wina wa ku France dzina lake Jaquin, amene ankapanga mikanda ya kolona, anapeza njira yochotsera zonyezimirazi pa mamba a kansomba ka mumtsinje. Ankazipaka m'kati mwa mikanda ya galasi, mikandayo n'kumaoneka ngati ngale zenizeni. Patapita zaka zambiri, mafakitale a ku Maine, ku America, ankatenga zonyezimira zomwezi pa mamba a nsomba za herring, ndipo zinkalowa m'zodzoladzola, m'mabatani, ndi mu penti wa galimoto zokongoletsedwa mwapadera. Zinali zodula, chifukwa mulu waukulu wa mamba unkatulutsa zonyezimira zochepa zedi. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera njira yokuta mica ija, ndipo ngale inayamba kutsika mtengo ndi kupirira dzuwa.

Lero ngale ili pamsewu tsiku lililonse. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimene zimadutsa pa Mpamba kupita ku Mzuzu kapena kutsikira ku Nkhata Bay zili ndi penti woyera wa ngale. Penti wotere amapakidwa katatu: woyera pansi, ngale pakati, kiliya wamba pamwamba. Opopera penti m'magalaja amadziwa kuvuta kwake. Chitseko chimodzi chikapentedwanso, kuchifananitsa ndi thupi lonse kumafuna luso lalikulu, chifukwa koti imodzi ya ngale ikangowonjezeka, mtundu wasintha kale. Dongosolo la patatu lomweli ndi limene limatsatidwa pa kagalimoto kakang'ono.

Nkhani ifike tsopano pa gawo loyamba la mfundo ija: pansi pasalale.

Kagalimoto ka thabwa kamafuna ntchito yambiri kuposa tina tonse. Thabwa liyenera kukhala louma bwino, chifukwa laliwisi limang'aluka n'kung'amba penti. Thabwa limamwanso penti, ndipo mizere yake imaonekera pamwamba. Mmisiri amayamba wakwecha ndi sandipepa wokhakhala, kenako wosalala, motsatira mizere ya thabwalo. Maenje ndi ming'alu amazitseka ndi fila. Akatero amapaka sila kuti thabwa lileke kumwa, amadikira kuti aume, amakwechanso, ndipo amabwereza mpaka chala chikamadutsa chisamamve mzere uliwonse.

Kagalimoto ka lata kapena ka chitsulo kamafuna kuchotsedwa dzimbiri lonse ndi penti wakale amene akusupuka. M'mphepete mwakuthwa mumapindidwa kapena kukwechedwa. Ka pulasitiki kamafuna kuchotsedwa timizere totsala m'chikombole, ndipo kamatsukidwa ndi sopo wamadzi wotsukira mbale kuti mafuta achoke. Kakatsukidwa ndi kuuma, sikagwiridwanso ndi manja, chifukwa thukuta ndi mafuta odzola zimakanitsa penti kugwira. Mmisiri amakamangirira pa waya wopindidwa kapena pa kamtengo, kuti azikatembenuza osakakhudza. Matayala, magalasi ndi magetsi zimachotsedwa kapena kuphimbidwa ndi tepi.

Pambuyo pake pamabwera pulayima, penti woyamba amene amagwirizanitsa thupi la kagalimoto ndi penti wa mtundu. Pulayima alinso ndi ntchito ina yofunika: amaulula zilema zimene zinabisala. Akauma, mmisiri amayang'ana kagalimoto mopendeketsa padzuwa. Pamene pali kadzenje kapena mkwekwe pamakonzedwa, pamakwechedwa ndi sandipepa wosalala woviikidwa m'madzi, n'kupoperanso. Pa thabwa madzi amafuna kusamala, kuti asalowe pamene sila sanafike.

Kenako penti wa mtundu. Kusankha kwa mtunduwu ndi kumene kumalamula maonekedwe onse. Pa penti woyera, ngale imaoneka mofatsa: pamthunzi kagalimoto kamangooneka koyera, padzuwa m'pamene kamatulutsa kuwala kwa golide kapena kwa buluu m'makona mwake. Pa penti wakuda, ngale imaoneka mwamphamvu, mwakuti ngale yabuluu ikhoza kusandutsa kagalimoto kakuda kuoneka kabuluu. Pa ofiira, obiriwira ndi achikasu, zotsatira zimakhala pakatikati, ndipo ngale yoyera ikachuluka imazimiritsa mtunduwo. Penti wapansiyu ayenera kukuta paliponse mofanana. Pamene paperewera, ngale sidzapakwaniritsa.

Omvera angadzifunse pano: pa ntchito zamanja zimene zimachitika pakhomo, ndi nthawi yochuluka bwanji imene imapita ku kukonza pansi, pamene wogula sadzaona? Pa kagalimoto ka ngale, nthawi yochuluka imathera pomwepo.

(KANYIMBO)

Gawo lachiwiri la mfundo ija likuti: ngale ichepe. Koma choyamba, kodi ngale imapezeka bwanji?

Pali njira zinayi. Yoyamba ndi kachitini kopopera kopangidwira timagalimoto, monga ka Tamiya kokhala ndi nambala ya TS-65. Tizibenthu take n'tosalala kwambiri, koma kachitini kotere n'kosowa kuno, ndipo nthawi zambiri kamachita kubwera ndi munthu wochokera kunja. Yachiwiri ndi penti wa ngale wa galimoto zenizeni, amene amasakanizidwa m'masitolo a penti m'mizinda ikuluikulu. Yachitatu ndi ufa wa ngale, umene umathiridwa pang'ono mu kiliya wamba. Yachinayi, imene ili pafupi ndi anthu ambiri, ndi kyutekisi wonyezimira wopaka m'zikhadabo. Opanga timagalimoto m'mayiko ambiri amamusungunula ndi thina n'kumupopera ndi kamfuti kakang'ono ka penti kotchedwa airbrush. Mchenga wonyezimira wa mumtsinje sungalowe m'malo mwa zimenezi, chifukwa ndi wokhakhala ndipo ulibe chikuto chija chimene chimabala mtundu.

Posankha, mmisiri amaganizira kukula kwa tizibenthu. Timagalimoto tambiri ta pulasitiki n'tochepa maulendo 24 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, ndipo ta Hot Wheels n'tochepa kuposa pamenepo. Thupi lachepa, koma tizibenthu ta mu penti sitinachepe nalo. Tizibenthu tokongola pa galimoto yaikulu timaoneka tikulutikulu pa kagalimoto, mwakuti kamataya maonekedwe a galimoto yeniyeni. Lamulo lake n'lakuti kagalimoto kakachepa, ngale nayo isalale.

Chinanso ndi kugwirizana kwa mapenti. Pali penti wamadzi, penti wamafuta, ndi penti wa lacquer amene amasungunulidwa ndi thina waukali. Kyutekisi ndi tizitini tambiri topopera zili m'gulu lomalizali. Lacquer akagwera pa penti wamafuta, amamudya, ndipo pamwamba ponse pamachita makwinya. Akagwera mochuluka pa pulasitiki yopanda pulayima, amaisungunula. Njira yotetezeka ndi kugwiritsa ntchito mapenti a gulu limodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kuyesa kaye n'kofunikanso. Amisiri amatenga masupuni a pulasitiki, kapena chidutswa cha thabwa lomwelo, n'kupakapo zonse mwa dongosolo lomwelo: pulayima, mtundu, ngale. Supuni yoyamba imalandira koti imodzi ya ngale, yachiwiri makoti awiri, yachitatu atatu. Zikauma zimayang'anidwa padzuwa ndi pamthunzi. Supuni ndi imene imauza mmisiri poti alekere.

Tsopano kapoperedwe kake. Tizibenthu ta ngale timakhazikika pansi pa chitini, choncho chitini chimakhutchumulidwa kwa mphindi ziwiri kapena kuposerapo, ndipo chimakhutchumulidwanso pakati pa makoti. Kukazizira, chitini chikhoza kuimikidwa m'madzi ofunda pang'ono, amene dzanja likhoza kukhalamo osapsa. Pamoto kapena pambaula sichiyandikitsidwa n'komwe, chifukwa chimaphulika.

Chitini chimagwiridwa patali ndi kagalimoto, mtunda wa chikhatho chotambasula ndi kupitirira pang'ono. Kupopera kumayambira kunja kwa kagalimoto, dzanja limadutsa mwaliwiro lofanana, ndipo chala chimasiya batani litadutsa kale mbali inayo. Dzanja likaima pamalo amodzi, ngale imaunjikana pomwepo. Mzere uliwonse umakwera pang'ono pa unzake kuti pasatsale mipata. Koti yoyamba imakhala yopepuka zedi, yongowaza. Imasiyidwa mphindi khumi kapena kuposerapo, kenako pamabwera yachiwiri. Nthawi zambiri makoti awiri kapena atatu opepuka amakwana.

Chifukwa cha kupepukaku n'chakuti tizibenthu tiyenera kugona chafufumimba, mofanana, kuti tibweze kuwala mbali imodzi. Penti akanyowa kwambiri, tizibenthu timayandama, timayenderera, n'kukaunjikana m'mizere ya zitseko ndi m'munsi mwa thupi, ndipo kagalimoto kamachita mawangamawanga. Akapoperedwa patali kwambiri, amafika atauma kale, tizibenthu timagwa chiimirire, ndipo pamwamba pamakhakhala. Ngale ikachuluka, mtundu wapansi umazimirira, kagalimoto n'kuchita mbuu. Ngale yoperewera ikhoza kuwonjezedwa, koma yopitirira sichotseka popanda kuyambiranso ntchito yonse.

Ngati boneti, zitseko kapena mabampa zikupentedwa padera, zonse zimapoperedwa tsiku limodzi, makoti ofanana, zitaikidwa mmene zidzakhalire pa kagalimoto. Kupanda kutero, zikadzalumikizidwa zidzaoneka ngati zachokera pa galimoto zosiyana. Burashi siyenera pa ntchito imeneyi, chifukwa imakoka tizibenthu n'kusiya mizere. Wopanda chopopera akhoza kupaka ndi burashi yofewa pa malo aang'ono okha, kamodzi, mbali imodzi, osabwerezapo penti asanaume.

(KANYIMBO)

Nkhani ifike tsopano pa nyengo, imene ku Limphasa, m'boma la Nkhata Bay, ndi mdani wamkulu wa penti. Boma la Nkhata Bay lili m'gulu la maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno. Chigwa cha Limphasa chili ndi dambo, mtsinje, ndi minda ya mpunga yothiriridwa, ndipo nyanja ili pafupi. Mpweya wake umakhala ndi chinyezi chochuluka, makamaka m'mawa ndi madzulo.

Chinyezi chimawononga motere. Thina akamauluka mofulumira, amaziziritsa pamwamba pa penti. Chinyezi cha mumpweya chimasanduka timadontho pamalo ozizirawo, timadonthoto n'kutsekeredwa m'kati. Kiliya amene anayenera kuonekera amachita mbuu, ndipo ngale imafa. N'chifukwa chake kupopera kumapewedwa kukakhala chifunga, mame asanaume, mvula ikangokata, ndiponso dzuwa likapendeka. Nthawi yabwino ndi chakumasana pa tsiku louma, pamthunzi podutsa mpweya. Padzuwa lenileni penti amauma pamwamba m'kati musanaume, ndipo pulasitiki imapindika. Miyezi ya chilimwe, mvula isanayambe, ndi imene imapereka masiku ambiri abwino. Kiliya akachita mbuu pang'ono, nthawi zina amakonzeka pomupoperanso koti yopepuka tsiku louma, chifukwa thina watsopano amatsegula pamwamba chinyezi chija n'kutuluka.

Mphepo nayo ili ndi zake. Mwera ukamawomba m'miyezi yozizira, umabweretsa fumbi ndi kuulutsa penti asanafike pa kagalimoto. Nthawi yopuntha ndi kupeta mpunga, mungu ndi mankhusu zimadzaza mumpweya. Palinso nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi. Kamodzi kokha kakatera pa penti wamuwisi, kamamatirira. Mankhwala ake ndi katoni. Mmisiri amapoperera m'katoni yogonekedwa chammbali, atawaza madzi pang'ono pansi pozungulira kuti fumbi lisadzuke. Akamaliza amavindikira kagalimoto ndi katoni ina yoyera kapena beseni, n'kusiya kampata koti mpweya uzituluka.

Gawo lachitatu la mfundo ija likuti: pamwamba pavindikiridwe.

Koti ya ngale sikwechedwa. Sandipepa amadula tizibenthu, ndipo pamalopo pamatsala banga losachoka. Polishi nayenso sapakidwa pa ngale mwachindunji. Chimene chimakwechedwa ndi kupukutidwa ndi kiliya wamba wopakidwa pamwamba pake. Ngati kagalimoto kakufuna nambala, dzina la basi kapena zomata zina, zimaikidwa ngale itauma, kiliya wamba asanapakidwe. Zikaikidwa pansi pa ngale, nazo zimanyezimira ndi kuzimirira, zimene sizichitika pa galimoto yeniyeni. Makoti oyamba a kiliya wamba amakhala opepuka, kuti asasungunule ngale kapena kukwinyitsa zomata. Omaliza ndi amene amanyowa mokwanira kuti asalale okha.

Akatero mmisiri amadikira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa penti mawuwa ndi oona. Pamwamba pamauma msanga, koma m'kati mumatenga masiku. Lacquer amafuna pafupifupi sabata, penti wamafuta milungu ingapo, ndipo nyengo ya chinyezi imatalikitsa nthawiyi. Mphuno imathandiza: kagalimoto kakamanunkhabe thina, penti sanakhwime. Akakhwima, timabampu ndi fumbi zimachotsedwa ndi sandipepa wosalala kwambiri, wa nambala 2000 kapena kuposa, woviikidwa m'madzi, mosamala m'makona chifukwa m'menemo kiliya amapyapyala. Pomaliza amapukuta ndi mankhwala opukutira galimoto pa kansalu kofewa ka thonje, mpaka kuwala kubwerere.

(KANYIMBO)

Mfundo imene siyenera kuphonyedwa ndi ya chitetezo. Fungo la thina ndi la penti wopopera limapweteka mapapo ndi mutu, ndipo limagwira moto msanga. Kupopera kumachitikira panja kapena pakhonde lotseguka, kutali ndi khitchini, mbaula, koloboyi ndi fodya. M'chipinda chogona simupoperedwa penti, ndipo simuyanikidwa kagalimoto kamuwisi. Kansalu komanga pamphuno kamatchinga fumbi lokha, mpweya wa thina umadutsa. Chofunika ndi chophimba kumaso chokhala ndi zosefera za mpweya wa mankhwala. Kiliya wa m'magalaja wotchedwa 2K, amene amasakanizidwa ndi cholimbitsira, ali ndi mankhwala amene amatha kuyambitsa mphumu yosatha, ndipo sayenera kupoperedwa pakhomo.

Ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi odwala mphumu asakhale pafupi popopera. Mwana wofuna kuphunzira akhoza kuyamba ndi kujambula, kulumikiza ndi kupaka penti wamadzi, kupopera n'kusiyira wamkulu. Mapenti ena amafuta, makamaka achikasu ndi ofiira, amakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana. Pogula penti ndi bwino kufunsa wopanda mtovu ndi kuwerenga zolembedwa pa chitini. Kagalimoto kopakidwa penti wa galimoto ndi kokongoletsera m'nyumba. Sikoyenera kupatsidwa kwa mwana amene akadali pa msinkhu woika zinthu m'kamwa. Thina wotsala sathiridwa mumtsinje wa Limphasa, m'ngalande za mpunga kapena m'nyanja, chifukwa madzi omwewo ndi amene amamwedwa ndi kusunga nsomba. Chitini chopopera, ngakhale chitatha, sichiponyedwa pamoto kapena kubooledwa.

Chotsala ndi kudziwa pamene ngale ikuyenera. Imakhala bwino pa kagalimoto kotengera galimoto zamakono zoyenda m'tauni, za mpikisano, kapena basi yapamwamba. Pa Land Rover yakale, pa thirakitala, kapena pa lole yonyamula mpunga ndi chinangwa, ngale imachotsa choonadi, chifukwa galimoto zimenezo sizinapakidwepo penti wotere. Thabwa lokongola ngati mlombwa kapena mbawa lili kale ndi ulemerero wake, ndipo limangofuna vanishi wamba kapena polishi. Ogula ambiri a ntchito zosema amafuna kuona thabwalo. Ngale imathandiza kwambiri pa thabwa losaoneka bwino monga paini ndi malaina, pa lata, ndi pa timagalimoto takale tofuna moyo watsopano. Mmisiri wogulitsa amawerengeranso mtengo wa penti ndi masiku odikira, kuti aone ngati wogula adzabweza zonsezo.

Omvera amene ali ndi luso la manja, ndi makolo amene ana awo amakonda kupanga timagalimoto, angalingalire mafunso awa. Pa zimene zimapangidwa pakhomopo, ndi chiti chimene ngale ingachikweze, nanga ndi chiti chimene ingachiwononge? Kodi malo opoperapo alipo, kutali ndi moto ndi ana? Kodi nthawi yodikira kuti penti akhwime ilipo?

Mwachidule, kiliya wa ngale ndi koti yapakati, yoonekera, imene kukongola kwake kumadalira zimene zili pansi ndi pamwamba pake. Pansi pasalale: kukwecha, pulayima, ndi mtundu wofanana paliponse. Ngale ichepe: kuyesa pa supuni, makoti awiri kapena atatu opepuka, pa tsiku louma. Pamwamba pavindikiridwe: kiliya wamba, kudikira, kenako kupukuta. Ndipo zonsezi zichitikire panja, kutali ndi moto, ndi ana, ndi madzi akumwa.

Pulogalamu ya lero yathera pamenepa.

(KANYIMBO KOTSEKERA)